Poto wa Nthunzi Wafika m'Makomboni: Madzi ndi Magetsi Zisakumane

Mai ali yense wa ku Katete, ku Petauke kapena ku Chadiza amadziwa kaphikidwe ka maungu kuti asalowe madzi. Amayala zitsononkho kapena timitengo pansi pa mphika, nathira madzi pang'ono, nasanja maungu pamwamba, ndi kubvundikira bwino ndi masamba ndi mbale. Cimene cimapsetsa maunguwo si madzi ai, koma nthunzi yocokera m'madzi owirawo. Nzeru imeneyi ndi ya makolo athu, ndipo palibe amene anaiphunzira kusukulu.

Masiku ano m'masitolo a mu Lusaka mukugulitsidwa ciwiya cimene cimagwira nchito yomweyi ndi mphamvu ya magetsi. Ogulitsa amacicha food steamer, koma ife pano ticicha poto wa nthunzi. Ciwiyaci calowa m'nyumba zina za ku Matero, Chawama, Mtendere ndi makomboni ena, ndipo cakhala pafupi ndi mbaula ndi ketulo. Ndi ciwiya cothandiza ndithu, koma akulu anati walira mvula walira matope. M'poto mmodzi yemweyu mumakhala madzi owira, nthunzi ndi magetsi, ndipo ciri conse ca zitatuzi cikhoza kulemaza kapena kupha munthu cikapanda kusamalidwa.

Wina angafunse kuti nkhani ya ziwiya za m'tauni iwakhudza bwanji anthu a kumudzi. Yankho lake nlakuti njira ya pakati pa mudzi ndi komboni siimera udzu. Agogo amakwera basi kupita ku Lusaka kukathandiza mwana wao amene ali m'cikuta, ndipo posakhalitsa nchito yonse ya m'khichini imakhala m'manja mwao. Atsikana amapita kukakhala ndi azakhali ao kuti apitirize sukulu, ndipo kuphika kumagwera iwo. Ana ogwira nchito m'tauni amatumizanso mphatso kumudzi, makamaka kumene nthambo zafika kudzera m'bungwe la Rural Electrification Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2003. Cotero nkhani iyi ndi yathu tonse.

KAPANGIDWE KAKE

Poto wa nthunzi ali ndi zigawo zosanjikizana. Pansi penipeni pali tsinde, m'mene mumathiridwa madzi. M'kati mwa tsindelo muli citsulo cimene cimatentha magetsi akalowa, ndipo ndico cimawiritsa madziwo. Pamwamba pa tsinde pamakhala mbale yolandira madzi odontha kucokera ku cakudya. Pamwamba pakenso pamasanjidwa mbale ziwiri kapena zitatu za zibowo pansi ngati sefa, ndipo ya pamwamba imatsekedwa ndi cibvundikiro ca timabowo totulukira nthunzi. Kutsogolo kwa tsinde kuli kakoloko kopotokola ndi dzanja, kamene pa mapoto ambiri kamafika mphindi 60. Nthawi ikakwana kamaliza belu ndi kuzimitsa poto.

Mapoto ambiri otere amadya magetsi a pakati pa 400 ndi 1,000 watts, ndipo nambala yake imalembedwa kunsi kwa tsinde. Poto wa 800 watts akagwira nchito theka la ola amadya yuniti yosakwana theka pa mita. Ubwino wina uli pa thanzi. Ndiwo zamasamba zowiritsidwa m'madzi ambiri zimataya mavitamini ena, makamaka vitamini C, m'madzi amene timakhuthula, ndipo soda amaononganso ena. Koma zophikidwa ndi nthunzi zimasunga ambiri. Palibenso mpweya woipa wa makala, umene umapha anthu mwakacetecete akagona ndi mbaula m'cipinda cotseka m'miyezi yozizira ya June ndi July.

NTHAMBO ZA M'KOMBONI

Ngozi yoyamba siiri m'poto ai, iri m'khoma. Makomboni ambiri a mu Lusaka anayamba popanda magetsi. George ndi Chawama anali malo amene anthu anadzimangira okha, kufikira pamene lamulo la mu 1974 linatsegula njira yobvomereza malo otere, ndipo Boma mothandizidwa ndi World Bank linayamba kukonzamo miseu ndi mipopi ya madzi. Nyumba zinakula cipinda ndi cipinda monga momwe ndalama zinali kupezekera, ndipo magetsi anabwera pambuyo pake. Lero pa poloti imodzi pamakhala mabanja angapo a lendi ogawana mita imodzi, ndipo si zacilendo kuona cipinda ca banja lonse ciri ndi soketi imodzi yokha, kapena nthambo yocokera kwa eni nyumba yolowera pazenera.

Nthambo iri ngati mlatho wa mitengo: iri ndi malire a katundu amene ingasenze. Nthambo yoonjezera, ija yokhala ndi masoketi anai kapena asanu, ngakhale ikhale yabwino, siiyenera kusenza zopitirira 13 amps, ndiko kuti pafupi-fupi 3,000 watts. Ketulo yokha imadya pafupi-fupi 2,000 watts. Mukaonjezapo nsimbi ya magetsi ndi poto wa nthunzi pa nthawi imodzi, malirewo apitirira. Nthambo imatentha, pulasitiki yake nisungunuka, moto nubuka. Ndipo m'nyumba zogundana moto wa banja limodzi ndi wa poloti yonse.

Cifukwa cace poto wa nthunzi alumikizidwe pa soketi ya kukhoma, ali yekha. Soketi yakuda ndi utsi, yogwedera, kapena yothetheka polowetsa pulagi isagwiritsidwe nchito kufikira munthu wophunzira za magetsi ataikonza. Wa lendi awauze eni nyumba msanga, pakuti kukonza soketi nkochipa kusiyana ndi kumanganso denga.

POGULA

Magetsi amene ZESCO imalowetsa m'nyumba ndi a 230 volts. Musanapereke ndalama, tembenuzani poto ndi kuona ngati kunsi kwake palembedwa 220 mpaka 240 volts. Ziwiya zina zogwirapo kale nchito zocokera ku America ndi za 110 kapena 120 volts, ndipo zikalumikizidwa kuno zimapsa msanga, mwinanso kuyatsa moto. Onaninso kuti nthambo siinang'ambike ndiponso kuti tsinde liribe mng'alu.

Masoketi ambiri a m'Zambia amalandira pulagi ya mano atatu a makona. Katundu wocokera ku South Africa kawiri-kawiri amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira, ndipo wina amabwera ndi ya mano awiri. Apa ndi pamene ambiri amalakwa: amadula pulagiyo, nasenda mawaya, nawalowetsa m'soketi ndi kuwapanikiza ndi mitengo ya macesi. Kucita cotero ndi kuitana maliro. Dzino lacitatu, lija lalitali la pamwamba, limalumikiza ciwiya ndi nthaka, kuti magetsi akathawira pa citsulo ca poto apite pansi osadzera m'thupi la munthu. M'kati mwa pulagi ya makona mulinso fyuzi, imene imaduka magetsi akapyola muyezo. Ikapsa, gulani ina ya nambala yomweyo. Musakulungepo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Ngati pulagi siigwirizana ndi soketi, wodziwa nchitoyo aikepo ina yoyenera.

Bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency liri ndi udindo woletsa katundu wosafika pa muyezo, komabe maso a wogula ndiwo mlonda woyamba. Funsani lisiti ndi kabuku ka malangizo. Kabukuka kamalembedwa m'Cizungu, koma cimeneco cisakucititseni manyazi. Mwana wa sukulu akuwerengereni konse musanayambe kuphika. Safunsa anadya phula.

MALO OIKAPO

Ambiri a ife tinazolowera kuphikira pansi, pa mafuwa kapena pa mbaula. Poto wa nthunzi saikidwa pansi. Pansi ndi pamene pamakwawa mwana ndi pamene pamatayikira madzi a m'ndowa. Ku Kanyama, kumene madzi a mvula amasefukira ndi kulowa m'nyumba nthawi ya dzinja, simenti ya pansi imakhala yonyowa masiku ambiri, ndipo munthu woima pa simenti yonyowa wopanda nsapato ndiye amene magetsi amamgwira koposa. Ikani poto pa tebulo lolimba, louma ndi losapendekeka. Pa bedi, pa mpando kapena pa ndowa yobvundikira si malo ake.

Siyani mpata pamwamba ndi m'mbali, kuti nthunzi isaombe soketi, shelefu, makatani kapena wailesi. Tsegulani zenera pophika, popeza cinyezi cikaculuka m'cipinda cimodzi cimadetsa makoma ndi kubvunditsa zobvala. Koposa zonse, nthambo isalendewere m'mphepete mwa tebulo. Mwana wa zaka ziwiri akaona cingwe amakoka, ndipo poto yense pamodzi ndi madzi ake owira amamgwera pamutu ndi pacifuwa.

KAPHIKIDWE

Tsiku loyamba tsukani mbale zonse ndi cibvundikiro ndi sopo. M'tsinde thirani madzi oyera okha-okha, pakati pa mizere iwiri yolembedwa MIN ndi MAX. Madzi akacepa poto amauma ndipo citsulo cimapsa. Akapitirira amasefukira pa tebulo, nafika ku nthambo. Mcere, mafuta ndi tomato zisalowe m'tsinde. Zimenezi zithirani pa cakudya ceni-ceni.

Dulani cakudya m'zidutswa zofanana, ndipo musacipanikize, kuti nthunzi ipeze podzera. Mbale ya pansi ndiyo imapsetsa msanga. Nkhuku, nyama ndi nsomba zikhale pansipo, ndiwo zamasamba pamwamba, kuti madzi a nyama yaiwisi asadonthere pa zakudya zina. Zonse zikasanjidwa ndi kubvundikiridwa, pukutani manja, bvalani nsapato kapena mapatapata, lowetsani pulagi, ndipo pomalizira potokolani kakoloko.

Repu, cibwabwa ndi kabichi zimapsa pa mphindi 5 mpaka 10. Mazira amafuna pafupi-fupi mphindi 15, nsomba 15 mpaka 20, kandolo ndi maungu oduladula 20 mpaka 30, ndipo zidutswa za nkhuku 30 mpaka 40. Mpunga umaikidwa m'kambale kake kopanda zibowo pamodzi ndi madzi ake, ndipo umatenga mphindi 30 mpaka 45. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupi-fupi 1,300 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo pamalo okwera cotero madzi amawira pa madigiri 96 m'malo mwa 100. Kaamba ka ici cakudya cikhoza kucedwerako pang'ono kusiyana ndi nthawi yolembedwa m'kabuku. Nkhuku iboolani ndi mpeni pafupi ndi fupa. Ngati mukutuluka madzi ofiira, siinapse. Ngati kuphika kupitirira theka la ola, yang'anani madzi a m'tsinde, ndipo oonjezera athiridwe pa kabowo ka m'mbali ngati poto wanu ali nako.

Kubvundukula ndiyo nthawi imene manja ndi nkhope zimapsa. Nthunzi imaoneka yopepuka, koma ikagwa pakhungu imasanduka madzi ndi kusiya kutentha kwake konse pamenepo, kotero imaocha koposa madzi owira. Yambani mwazimitsa poto, dikirani pang'ono, gwirani cibvundikiro ndi nsalu youma, ndipo citsegulireni kumbali ya kutali ndi nkhope yanu. Musasuzumire, ndipo mwana asakhale m'manja. Musanyamule poto madzi ali otentha m'kati.

ZIMENE POTOYU SAPHIKA

Nsima siiphikidwa m'poto wa nthunzi. Imeneyo idzafunabe mthiko ndi mphika wake. Nyemba zouma, makamaka zofiira, ziri ndi ululu umene umatha pokha-pokha zikanyikidwa ndi kubwata kwambiri m'madzi mphindi zosacepera 10, ndi kuphikidwa kufikira zitafewa. Zopsa mwatheka zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, cotero ziphikeni mumphika monga mwa masiku onse. Cinangwa cowawa naconso ciyenera kusendedwa ndi kubviikidwa m'madzi masiku angapo monga momwe makolo anali kucitira, pakuti nthunzi yokha siicotsa ululu wake.

MAGETSI AKAPITA

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi madzi, ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, ndipo mvula ikacepa naonso amacepa. Zinacitika mu 2015 ndi mu 2019, ndipo zinafika poipa mu 2024. Pa 29 February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, ndipo pofika September nyumba zambiri zinali kulandira magetsi maola atatu okha pa tsiku. Zaka zimenezi zinaphunzitsa anthu a m'makomboni kuti magetsi amapita osatsazika ndi kubwera osaodira.

Akapita muli pakati pophika, cinthu coyamba ndi kuzimitsa swichi ndi kucotsa pulagi. Akabwera usiku anthu ali m'tulo, kapena masana onse atacoka, ciwiya cosiyidwa coyaka cikhoza kuyamba kutentha popanda wociyang'anira. Nthawi zina amabweranso ndi mphamvu yopitirira, naocha ziwiya zolumikizidwa. Cinthu caciwiri ndi cakudya. Nkhuku kapena nsomba yopsa mwatheka ikasiyidwa m'poto wofunda imaswa tizirombo toyambitsa matenda. Musadikire magetsi, itsirizeni pa mbaula, panja kapena pakhomo potseguka. Cakudya cophika cisakhale maola opitirira awiri osadyedwa kapena kuikidwa m'firiji, ndipo cotsala citenthetsedwe kufikira citatentha mpaka m'kati.

KUTSUKA

Mukatha kuphika cotsani pulagi, pogwira pulagi yeni-yeniyo osati kukoka nthambo, ndipo dikirani kuti poto azizire. Mbale ndi cibvundikiro zitsukeni m'beseni. Tsinde lokha lisamizidwe m'madzi ngakhale tsiku limodzi. Khuthulani madzi otsala kumbali ya kutali ndi kakoloko ndi nthambo, ndi kulipukuta ndi kansalu konyowa pang'ono.

Madzi otsukira akhale oyera. Matenda a kolera anabvuta mzinda wa Lusaka kuyambira October 2017 mpaka 2018, ndiponso kuyambira October 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, ndipo Kanyama anali pakati pa malo okhudzidwa kwambiri. Nthunzi imapha tizirombo m'cakudya cophika bwino, koma cakudyaco cikapakulidwa m'mbale yotsukidwa ndi madzi a pa citsime cosazama, kapena ndi manja osasamba, nchito yonse yapita pacabe. Gwiritsani nchito madzi owiritsa kapena othira klorini.

Pansi pa mzinda wa Lusaka pali miyala ya laimu, ndipo madzi ambiri a m'mipopi ndi m'zitsime amacokera m'miyala imeneyi. Ndico cifukwa cake m'ketulo mumamera zoyera zolimba ngati njereza. Zomwezi zimakuta citsulo ca poto wa nthunzi, ndipo poto amayamba kucedwa kuwira ndi kudya mayuniti ambiri. Musazipale ndi mpeni kapena mcenga. Thirani viniga woyera wosakaniza ndi madzi monga momwe kabuku kanenera, asungunule zoyerazo, kenaka tsukuluzani kangapo ndi madzi oyera.

NGOZI IKAGWA

Munthu akapsa ndi nthunzi kapena madzi owira, thirani madzi ozizira oyera pamalo opsawo kwa mphindi 20. Mcotseni mphete ndi zibangiri dzanja lisanatupe, koma nsalu yomatirira pabala musaikoke. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, mcere kapena phulusa, ndipo matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera. Bala lalikulu kuposa cikhatho ca wopsayo, bala la kumaso, la m'manja kapena la kumaliseche, ndi bala liri lonse la khanda, lipite kucipatala msanga. Ku Kanyama, Matero ndi Chawama kuli zipatala, ku George, Kalingalinga ndi Mtendere kuli makiliniki, ndipo opsa kwambiri amatumizidwa ku University Teaching Hospital.

Munthu akagwidwa ndi magetsi musamkhudze ndi manja, kuopa kuti ogwidwa angakhale awiri. Zimitsani pa swichi yaikulu ya pa bokosi la magetsi. Ngati iri patali, mkankheni ndi mtengo wouma, monga mpini wa tsache, inu mutaima pouma, ndipo pambuyo pake mtengereni kucipatala ngakhale aoneke ngati wacira. Moto wa magetsi suthiridwa madzi. Zimitsani pa swichi yaikulu, thirani mcenga wouma ngati moto ukali waung'ono, tulutsani ana, ndipo itanani ozima moto pa nambala 993. Munthu ali yense wa m'nyumba, ngakhale mlendo wofika dzulo, aonetsedwe pamene pali swichi yaikuluyo.

Citukuko cikamalowa m'nyumba zathu ciyenera kupeza anthu odziwa kucisamala. Amai athu adziwa kuphika ndi nthunzi kuyambira kale-kale. Cacilendo m'poto uyu ndi nthambo yokha, ndipo nthambo imafuna manja ouma, soketi yabwino ndi malo amene mwana sangafikepo. Inu amene muli ndi ana ndi adzukulu ku Lusaka, sungani tsamba lino, ndipo tsiku limene mudzakwera basi mulitenge, kuti mukawerengerane ndi eni nyumba poto asanaikidwe pa magetsi.